Clomid, letrozole kapena majakisoni: mankhwala othandiza kutenga pakati amayenera ndani?

Banja likatha chaka, kenaka ziwiri, popanda mphatso, alangizi amachuluka. Apongozi ali ndi sing'anga wawo, anzanu a kumpingo ali ndi phiri lokapempherako, ndipo masiku ano sipalephera wina wokunong'onezani dzina la mapilitsi: "Achemwali, ndi Clomid basi, asanu okha, masiku asanu. Mnzanga anamwa, pano ali ndi mapasa." Mnzakeyo mwina alipodi, mapasawo alipodi. Chimene sichinenedwa n'chakuti mapilitsiwa ali ndi ntchito imodzi yokha, yokankha thumba la mazira kuti likhwimitse dzira n'kulitulutsa. Ngati vuto la m'nyumba mwanu lili pamenepo, ndi mankhwala abwino ndiponso osaboola m'thumba. Ngati lili kwina, kumwa mapilitsiwa kuli ngati kuthira feteleza m'munda momwe simunadzale mbewu.

N'chifukwa chake musanafunse kuti mankhwala amphamvu ndi ati, muyambe mwadziwa chimene chikutsekereza mimba.

Zitatu zofunika kuyeza musanafike ku famase

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pali vuto la kubereka ngati mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi pafupipafupi, osagwiritsa ntchito njira yolera, kwa miyezi 12 koma mimba osabwera. Lipoti lake la mu 2023 linati munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vutoli pa moyo wake. Mayi akadutsa zaka 35 asadikire chaka chonse, miyezi 6 ndi yokwana kukaonana ndi dokotala. Amene anali pa jakisoni wolera wa miyezi itatu adziwenso kuti thupi limachedwa kubwerera m'malo mwake. Ambiri amatenga pakati patatha miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena kupitirirapo, ndipo kuchedwa kumeneku si kusabereka.

Choyamba kuyeza ndi mbewu ya abambo. Ndayamba nacho dala, chifukwa ndi chimene chimasiyidwa. Pafupifupi theka la mabanja ovutika kubereka amapezeka kuti mwamuna ali ndi gawo pa vutolo, koma pamzere wa ku chipatala cha amayi mumaona zitenje zokhazokha. Kuyeza kwake n'kosavuta: bambo amakhala masiku awiri mpaka 7 osagonana, amapatsidwa kabotolo, n'kukapereka umuna ku labu ola limodzi lisanathe. Palibe singano, palibe lumo. Kukhala wamphamvu kuchipinda si umboni woti mbewu ilimo, ndipo kukhala ndi mwana wa kunja zaka khumi zapitazo si umboni wa lero.

Chachiwiri ndi machubu, njira ziwiri zimene dzira limadutsamo kupita m'chiberekero. Kuno kwathu apa ndiye pagona nkhani. Kafukufuku wa WHO wa m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti mu Africa amayi ambiri osabereka vuto lawo limachokera ku matenda amene anawononga machubu, kusiyana ndi madera ena a dziko. Chinzonono, chlamydia amene nthawi zambiri sapweteka n'komwe, matenda olowa pambuyo pobereka kapena pochotsa mimba mosatetezeka, TB, ngakhalenso likodzo kwa okulira m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, zonsezi zimasiya zipsera. Machubu amawaona ndi ekisire yotchedwa HSG. Mayi amagona pabedi, amamulowetsa kapaipi kakang'ono pa khomo la chiberekero, n'kupopera mankhwala amadzi ooneka pa chithunzi. Amadziwo akatayikira m'mimba mbali zonse ziwiri, njira ndi zotsegula. Imapweteka ngati cham'mimba cha msambo, mphindi zochepa, ndipo imachitika msambo utangotha.

Chachitatu ndi dzira lenilenilo. Mayi amene amasamba mwezi ndi mwezi, pakati pa masiku 21 ndi 35, osaphonya, kawirikawiri dzira amatulutsa. Amene amatha miyezi iwiri kapena itatu osaona msambo ndiye tingamukayikire. Dokotala amatsimikiza ndi sikani kapena poyeza homoni ya progesterone m'magazi kutatsala sabata imodzi kuti msambo uyambe.

Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali yoona matenda a amayi. Kumeneko, kapena kwa dokotala wa amayi wa pulayiveti, n'kumene mafunso atatuwa angayambire kuyankhidwa.

Clomiphene ndi letrozole

Awa ndiwo mapilitsi awiri amene akulimbirana malo oyamba, ndipo onse ndi a mayi amene satulutsa dzira nthawi zonse. Choyambitsa chachikulu ndi vuto lotchedwa PCOS: msambo wodumphadumpha, ziphuphu zosatha, tsitsi lomera pachibwano kapena pachifuwa, nthawi zambiri kunenepa, ndipo pa sikani thumba la mazira limaoneka lodzaza timazira tambirimbiri tosakhwima.

Clomiphene, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Clomid, ndi nkhalakale. Anavomerezedwa ku America mu 1967 ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Amapusitsa ubongo kuti uziona ngati homoni ya estrogen yachepa m'thupi, ndiye ubongo umatumiza FSH yambiri, homoni imene imakhwimitsa mazira. Mlingo woyambira ndi 50 mg tsiku lililonse kwa masiku asanu, kuyambira pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu la msambo. Dzira limatuluka patatha masiku 5 mpaka 10 kuchokera pa pilitsi lomaliza. Likakanika, dokotala amakweza mlingo mwezi wotsatira kufika pa 100 mg, mwina 150 mg. Mwa amayi anayi oyenera mankhwalawa, pafupifupi atatu amayamba kutulutsa dzira, koma otenga pakati safika theka. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti clomiphene yemweyo amatha kuumitsa chikazi chimene mbewu ya abambo imasambiramo, n'kupyapyalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero pomwe mluza umakakhazikika.

Letrozole anapangidwira khansa ya m'mawere. Mayi akafika kunyumba, n'kutsegula kabokosi, n'kuwerenga kapepala ka m'katimo, mtima umagunda: palembedwa za khansa, za amayi osiya kusamba, za mimba palibe kupatula chenjezo loti woyembekezera asamwe. Ena amabwerera ku famase kukafunsa ngati sanawasokonezere ndi mankhwala a munthu wina. Sanasokoneze. Letrozole amatsitsa estrogen kwa masiku ochepa, ubongo n'kutumiza FSH monga muja amachitira clomiphene, koma iye sachedwa kuchoka m'thupi ndipo savutitsa kwambiri khungu la chiberekero. Amayambira pa 2.5 mg kwa masiku asanu, ndipo angakwezedwe kufika pa 7.5 mg. Mu 2005 kampani yopanga mankhwalawa inachenjeza kuti asagwiritsidwe ntchito pofuna mimba, kutsatira lipoti laling'ono la ku Canada lokhudza ana obadwa ndi zilema. Kafukufuku wotsatira, wa anthu ochuluka, sanapeze kuti ana a letrozole amabadwa ndi zilema kuposa a clomiphene.

Nanga wopambana ndani? Mu 2014 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa amayi 750 a PCOS amene anagawidwa pawiri n'kupatsidwa mankhwala mpaka maulendo asanu, ulendo umodzi pa msambo uliwonse. Mwa omwa letrozole, 27.5 pa 100 alionse anabereka mwana wamoyo, pomwe mwa omwa clomiphene anali 19.1. Kuyambira 2018 malangizo a akatswiri a mayiko osiyanasiyana okhudza PCOS amaika letrozole patsogolo. Ine ndikanakhala ndi mchemwali wa PCOS ndikanamuuza kuti afunse dokotala za letrozole poyamba, makamaka ngati ali wonenepa. Koma clomiphene musamutaye. Kumene letrozole sapezeka, kapena mtengo wake wakwera, clomiphene woperekedwa ndi dokotala amene akutsata bwino ndi njira yabwino ndithu.

Zovuta zawo zimasiyana pang'ono. Clomiphene amabweretsa kutentha thupi kodzidzimutsa, mutu, ndi kupsa mtima msanga, moti abambo a kunyumba ndi bwino auzidwiretu. Maso akayamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kuthwanima, siyani pomwepo n'kukaonana ndi dokotala. Letrozole amakonda kufooketsa ndi kuchititsa chizungulire. Mapasa amabwera pa mimba 5 mpaka 10 mwa 100 za clomiphene, ndipo pa letrozole amacheperapo. Ambiri akamva za mapasa amamwetulira, koma anamwino a ku wodi ya ana obadwa masiku asanakwane amadziwa mbali ina ya nkhaniyi: kuthamanga kwa magazi kwa mayi, opaleshoni, ndi ana awiri ochepa sikelo ofuna chisamaliro nthawi imodzi.

Pali malamulo awiri amene ogula okha mapilitsi amaswa. Loyamba, musanayambe ulendo uliwonse tsimikizani kuti mulibe kale mimba. Lachiwiri, mankhwalawa ali ndi malire. Mimba zambiri zimabwera m'miyezi itatu mpaka 6 yoyambirira. Ngati dzira lakhala likutuluka miyezi 6 koma mimba palibe, kupitiriza mpaka chaka n'kutaya nthawi, vuto lili pena. Ndipo mayi amene amasamba bwinobwino mwezi uliwonse, Clomid samuwonjezera kanthu kwenikweni kupatula ngozi ya mapasa ndi zotupa za madzi m'thumba la mazira.

Pa masiku okhalira malo amodzi musadzivutitse ndi kalendala mpaka chikondi kusanduka ganyu. Mbewu ya abambo imakhala ndi moyo mpaka masiku asanu m'thupi la mayi, dzira limangokhala tsiku limodzi. Kukumana pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kuyambira masiku ochepa pilitsi lomaliza litamwedwa, n'kokwana.

Metformin ndi mankhwala ena a mahomoni

Metformin ndi mankhwala a shuga. Amaperekedwa kwa amayi a PCOS chifukwa matupi awo nthawi zambiri samvera bwino insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi. Payekha ndi wofooka: mu kafukufuku wa mu 2007 wa amayi 626, obereka anali 7.2 pa 100 kwa omwa metformin yekha, 22.5 kwa omwa clomiphene, ndi 26.8 kwa omwa zonse ziwiri. Choncho ndi wothandizira chabe, makamaka kwa onenepa kapena amene shuga wawo wayamba kukwera. Amatsegula m'mimba masabata oyamba. Kwa mayi wonenepa, kutsitsa thupi ndi makilo 5 mpaka 10 pa 100 alionse nthawi zina kumabwezeretsa msambo popanda pilitsi lililonse.

Mayi amene msambo wake wasowa, mawere n'kumatuluka mkaka chonsecho sakuyamwitsa, akayezetse homoni ya prolactin. Ikapezeka yokwera, mankhwala ake ndi cabergoline kapena bromocriptine, ndipo amagwira ntchito bwino kwambiri pomwe Clomid akanangolephera. N'chimodzimodzi ndi chithokomiro: chikafooka, levothyroxine ndiye yankho. Kuyeza magazi kamodzi kungakupulumutseni ku miyezi yambiri yomwa mapilitsi olakwika.

Majakisoni

Mapilitsi akakanika, kotsatira ndi majakisoni a FSH, monga Gonal-f kapena Menopur. Awa sadutsira ku ubongo, amakalankhula ndi thumba la mazira mwachindunji. Oyambirira ake anapangidwa ku Italy kuchokera ku mkodzo wa amayi osiya kusamba, ndipo wambiri unkatoleredwa m'nyumba za masisitere okalamba. Mpaka lero mtundu wina umapangidwabe kuchokera ku mkodzo.

Ndi amphamvu, ndi okwera mtengo, ndipo sabayidwa mwachimbulimbuli. Mayi amadzibaya pamimba tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena iwiri, n'kumapita ku sikani pakapita masiku awiri kapena atatu kuti dokotala awerenge mazira amene akukula. Limodzi kapena awiri akakhwima, amabaya jakisoni wina wa hCG, ndipo dzira limatuluka patatha maola pafupifupi 36. Akakhwima ambiri, dokotala wanzeru amaimitsa ulendowo n'kuuza banja kuti lisakhale malo amodzi mwezi umenewo, ngakhale ndalama zapita kale. Amachita zimenezi popewa mimba ya ana atatu kapena anayi, komanso vuto lotchedwa OHSS, pomwe matumba a mazira amatupa, madzi n'kudzaza m'mimba. Mimba yotupa mwadzidzidzi, kusanza, mkodzo wochepa ndi kubanika ndi zizindikiro zothamangira nazo ku chipatala usiku womwewo.

Maganizo anga pa majakisoni ndi achidule. Ngati mukukhala kutali ndi kumene kuli sikani ndi dokotala woidziwa ntchitoyi, njira imeneyi si yanu pakadali pano. Wina akakugulitsani majakisoniwa m'chikwama kuti mukabayitse kwa namwino wa m'dera lanu, kanani. Kwa mayi wa PCOS amene mapilitsi amukana, palinso opaleshoni yaing'ono yoboola timabowo pa thumba la mazira, imene ilibe ngozi yaikulu ya mapasa ndipo sifuna maulendo ambirimbiri a sikani.

Zonse zikapezeka zili bwino

Pali mabanja amene amayezedwa zonse, dzira likutuluka, machubu ali otsegula, mbewu ilipo, koma mimba osaoneka. Awa ndi amene amamwa Clomid kwambiri, komanso ndi amene sawathandiza kwenikweni. Ku Britain malangizo a madokotala amaletsa kupereka mapilitsiwa paokha kwa banja lotere. Ngati mayi ali wamng'ono ndipo zaka sizinapite zambiri, kudikira si kupusa: mwa mabanja 100 alionse amene angoyamba kufuna mwana, oposa 80 amatenga pakati m'chaka choyamba, ndipo pafupifupi theka la otsalawo m'chaka chachiwiri.

Kwa amene nthawi ikuwathera, mankhwala amaphatikizidwa ndi IUI, njira yotsuka mbewu ya abambo n'kuiika m'chiberekero ndi kapaipi pa tsiku limene dzira likutuluka. Kafukufuku wa mu 2015 wa mabanja 900 otere anapeza obereka 32 pa 100 kwa olandira majakisoni, 23 kwa a clomiphene, ndi 19 kwa a letrozole. Apa letrozole sanatsogole. Koma pafupifupi mimba imodzi mwa zitatu za majakisoni inali ya mapasa kapena kuposa, n'chifukwa chake madokotala ambiri amayambira mapilitsi.

Abambo nawo amwe chiyani?

Kunena zoona, mankhwala a abambo ndi ochepa. Matenda opatsirana pogonana akapezeka amachizidwa, onse awiri pamodzi. Mitsempha yotupa m'thumba la machende imakonzedwa ndi opaleshoni. Kusiya fodya, kuchepetsa mowa ndi chamba kumathandiza, koma mbewu yatsopano imatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ipangidwe, choncho musayezenso patangotha sabata ziwiri. Pali abambo ochepa amene ubongo wawo sutumiza mahomoni okwanira, ndipo iwowa majakisoni a hCG ndi FSH amawathandizadi. Amene machende ake anawonongeka ndi matsagwidi atakula kale, mapilitsi sangamubwezere mbewu.

Chenjezo lalikulu ndi testosterone, homoni ya chimuna, kaya wa jakisoni kaya wa anyamata onyamula zitsulo. Amakuza minofu ndi chilakolako, koma amatseka kapangidwe ka mbewu, nthawi zina mpaka kufika pa ziro. Gondolosi ndi zinzake zingadzutse thupi, koma palibe umboni wokhutiritsa woti zimachulukitsa mbewu.

Machubu akatsekeka

Apa mapilitsi ndi majakisoni paokha alibe ntchito. Ngati chubu chimodzi chili chotsegula, mwayi ulipo. Zikatsekeka zonse, zotsala ndi opaleshoni, imene imathandiza pokhapokha kuwonongeka kuli kochepa, kapena IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi. Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa ku England pa 25 July 1978, ndipo ku South Africa woyamba anabadwira pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town mu 1984. Majakisoni aja amagwiritsidwanso ntchito pano, mazira amatengedwa ndi singano, amakumana ndi mbewu mu labu, mluza n'kubwezeredwa m'chiberekero. Kwa abambo a mbewu yochepa kwambiri pali ICSI, yobaya mbewu imodzi m'dzira, imene inayamba ku Brussels mu 1992.

Ndalama zake n'zambiri, ndipo mabanja ena amagulitsa poloti kuti akayese ku South Africa kapena ku India. Musanagulitse, funsani chipatalacho mwayi wa mayi wa msinkhu wanu. Kwa osafika zaka 35, ulendo umodzi umapereka mwana kwa pafupifupi mmodzi mwa atatu. Akadutsa 40 chiwerengerocho chimatsika kwambiri, chifukwa palibe mankhwala obwezera dzira ku utsikana. N'chifukwa chake zaka zitatu zotayidwa pa Clomid wa m'chikwama zimapweteka kuposa ndalama zimene zinapita.

Za zitsamba ndi za pa intaneti

Sindinyoza agogo amene amafuna kuthandiza mdzukulu wawo. Koma zitsamba zoika kumaliseche zimatha kuyambitsa zilonda ndi matenda omwe aja otseka machubu, ndipo za m'botolo la lita zisanu simudziwa zimene zimachita ku chiwindi ndi impso. Tiyi wa pa Facebook amene akuti amatsuka chiberekero ndi kutsegula machubu sangasungunule chipsera. Ngati mwamwa kale china chake, muuzeni dokotala mosabisa. Ndipo mankhwala enieni muzigula ku famase yovomerezeka, ndi chikalata cha dokotala, chifukwa mapilitsi achinyengo amakonda kulowera kumene anthu athedwa nzeru.

Chimodzi chokha chimene mayi aliyense wofuna mimba angayambe lero osadikira dokotala ndi folic acid, 400 mcg tsiku lililonse. Sabweretsa mimba, koma amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Banja likayezetsenso HIV ndi chindoko limodzi. Amene ali pa ma ARV ndipo kachilombo sikakuonekanso m'magazi atha kubereka bwinobwino, ndipo mankhwala othandiza kutenga pakati sawaletsedwa.

Mimba ikabwera mutamwa mankhwalawa, musadikire miyezi inayi kuti muyambe sikelo. Pemphani sikani pa sabata ya 6 kapena ya 7, kuti muone ngati ali mwana mmodzi kapena awiri, komanso ngati wakhala m'chiberekero. Mayi amene machubu ake anadwalapo ali pa chiopsezo choti mimba ikhale mu chubu. Kupweteka mbali imodzi ya m'mimba, kudontha magazi, kupweteka paphewa kapena kukomoka m'masabata oyambirira ndi zoti munthu apite nazo ku chipatala chokhala ndi fiyeta nthawi yomweyo.